AMbewe ndi khobwe wa mayi awo

Mwezi uno wa Meyi takwanitsa chaka chiwaikireni aMbewe m'manda. Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, tinatsalira anthu ochepa kuti tiwakumbuke. Abusa ananena zawo, ati anali munthu wakhama pa mapemphero. Ine ndinangozolika, chifukwa aMbewe amene ndinkawadziwa ine ankayamba kuwodzera ulaliki usanafike n'pakati pomwe, ndipo ukawagwedeza ankati Mulungu amamva bwino munthu akatsinzina. Ndiye ndati ndinene zangazanga, zimene ndinaona ndi maso angawa, zisanandithawe m'mutu.

Anali mtchona weniweni. Kwawo ku Ntchisi anachokako ndevu zisanamere bwino, n'kudzalowa mu mgodi kuno ku Joni, ndipo sanakapondekonso. Ifeyo tinabwera mochedwa, kudzachapa ndi kusesa m'nyumba za ku Benoni, ndipo tinawapeza ali kale nkhalamba, akukhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mnzawo wa Chizulu ku Wattville. Anali aatali, owonda ngati bango, oyenda ndi majombo a mumgodi dzinja ndi chilimwe chomwe. Chichewa chawo chinali chakale, chija ankayankhula agogo athu. Koma akapsa mtima chinkawathawa, n'kubwera chilapalapa cha mumgodi, aikona apa, aikona apo, mpaka mtima utatsika.

Tsiku limene ndinawaona koyamba ndinkachokera ku sitima, ndi njira yachidule ya m'mbali mwa njanji. Ndinangoona nkhwani. Nkhwani weniweni inu, masamba ngati mbale, atayanga pansi pa chimanga. Ndinaima chilili, chikwama m'manja.

"Amayi inu," mawu anatuluka m'chimangamo, "mukapitiriza kuyang'ana choncho maungu anga ayoyoka. Kwanu n'kuti?"

"Ku Kasungu, bambo. Mwadziwa bwanji kuti ndine wa kumudzi?"

"Akuno akafuna nkhwani amapempha. Wa kwathu amangoima n'kumameza malovu, kudikira kuti umufunse."

Anandithyolera wodzaza mpango, ndipo chibale chathu chinayambira pamenepo.

Munda wawowo unali kamzere ka malo pakati pa mipanda ya nyumba ndi njanji, malo opanda mwini, kumene kale anthu ankatayako zinyalala. AMbewe anatola mabotolo ndi zitini chimodzichimodzi, n'kuunga mizere ngati kwathu. Akuno ankaseka, ati Mnyasa uyu akukumba timanda ta ana. Koma chimanga chitacha, oseka omwewo ndi amene ankayamba kupereka moni. Munali maungu, mbatata za kholowa, therere, mpiru. Ndipo pakati penipeni, pamene diso lawo linkafika ali paliponse, panali khobwe.

Za khobweyo ndinena. Ndiyambe ndi za kutchire.

Mvula ikayamba kutsazika, chakumapeto kwa Malichi, m'mbali mwa misewu ya kuno mumachita maluwa aataliatali, oyera ndi apinki. AMbewe ankati amenewo si maluwa, ndi kalata yochokera kwa chisanu, yonena kuti ndili m'njira. Chisanu cha kuno si kuzizira chabe ngati kwathu. Chimagwa pansi choyera, n'kupsereza chobiriwira chilichonse m'mawa umodzi. Ndiye akangowaona maluwawo ankatisonkhanitsa amayi Loweruka masana, n'kupita nafe kutchire la kuseri kwa mafakitale kukathyola bonongwe, chisoso, luni ndi mnadzi. Mwamuna mmodzi kutsogolo, ife pambuyo, aliyense ndi thumba la ufa lopanda kanthu. Amayi a Chisutu tinkakumana nawo komweko, iwo akuti morogo, ife tikuti ndiwo, koma msana wowerama unali umodzi.

Malamulo anali nawo. Pafupi ndi mapiri achikasu aja a dothi la mumgodi ankatiletsa, bonongwe wake anenepe bwanji. Ankati dothi limenelo analifukula okha ndi manja awo, ndipo akudziwa zimene zinathiridwamo. Bowa wa kuno ankati tisamuyang'ane n'komwe, chifukwa amavala nkhope ya bowa wa kwathu koma mtima wake ndi wina. Ndipo bonongwe wamkulu kuposa onse, wa ngala zolemera, sankathyoledwa. Iwo ankamugwira pakhosi n'kumugwedeza kuti njere ziwazike, uku akumuuza kuti tionana chaka chamawa.

Tikabwerako inali ntchito ya mfutso. Mwamuna kufutsa ndiwo! Kwathu mudzi wonse ukanabwera kudzaonerera. Iwo ankati mu komponi ya ogwira ntchito mumgodi munalibe amayi, ndipo njala sifunsa ngati wavala buluku kapena chitenje. Ankawiritsa pang'ono chabe, masamba asanataye mtundu, n'kuyanika pa malata a denga. Masamba a msuku omangira chikwatu kuno kulibe, ndiye ankasunga m'mapepala a matumba a simenti, atawakung'untha bwinobwino. Mu Julayi, kunja kuli mbee, kabichi atakwera mtengo, ankamasula limodzi n'kutiitana. Fungo lake lokha linkakufikitsa kumudzi wopanda basi.

Pa mfutso pomwepo ndi pamene ankayambanirana ndi aNachisale. Awa ndi mayi wa ku Chipata, wogulitsa tomato ndi anyezi pa renki ya matekisi, wokhala ku Vosloorus koma Loweruka lililonse ali nafe. Pakamwa pawo palibe chitseko. Iwo ankati mfutso umafuna kamchere powiritsa. AMbewe ankati mchere umaitana chinyezi.

"Imwe aMbewe, kuphika munaphunzira kwa ndani? Kwa kapitawo wa mumgodi?"

"Aikona! Inu a ku Zambia mumathira mchere ndi mu tiyi momwe."

"N'chifukwa chake tili ndi mnofu. Tadzioneni inu, mphepo ikadzawomba tidzakakutolani ku Springs."

Ankasiyana atakwiyirana, Loweruka lotsatira n'kupezeka ayandikana pothyola chisoso, mkangano n'kuyambira pamene unalekera.

AMbewe sanali oumira. Dzungu ankakupatsa, chimanga ankakupatsa, mbewu ya chilichonse ankakupatsa usanapemphe. Koma khobwe ayi. Chitambe, masamba ake aja, ankathyola okha n'kukuikira m'manja, ndipo mumzere mwake munthu sankapondamo. Ukapempha njere ankasanduka munthu wina. Ankati anthu a masiku ano mbewu amaiona ngati ndiwo, ukawapatsa lero mawa yalowa mumphika. ANachisale anapempha kawiri, n'kuleka.

Chifukwa chake anandiuza tsiku lina tikutongola chimanga. M'mawa umene ankanyamuka ku Ntchisi, mayi awo analibe choti awapatse. Anatapa khobwe m'chipanda, n'kumanga pa kansalu, ati ukakazinge panjira ukamva njala. Njala anaimva ndithu, koma kansalu sanamasule. Atafika ku komponi anakabzala kuseri kwa khitchini, ndipo kuyambira pamenepo, mgodi uno, mgodi uwo, khobwe ankasamuka nawo. Anali wofiirira, wa timadontho toyera, wosiyana ndi wa m'masitolo a kuno. Mayi awo anamwalira iwo osadziwa, uthenga n'kuwapeza patapita zaka. Mkazi amene anakwatira kuno anatsogola, mwana sanasiye. Sanandiuze kuti khobweyo ndiye m'bale yekhayo amene anawatsalira. Ndinaona ndekha mmene ankazigwirira njerezo.

Tsopano chaka chimene ndikufuna kunena ndi chija chachiwiri atachitika mavoti aakulu a kuno. Anabzala mu Novembala monga mwa nthawi zonse, khobwe n'kumera bwino. Khirisimasi ili pafupi kunagwa matalala ngati mazira a nkhunda, n'kusasantha munda wonse. Atapita ku botolo limene ankasungiramo mbewu yotsala pamodzi ndi phulusa, anapeza anankafumbwe alowamo. Anasankha njere imodziimodzi, zabwino n'kungokwana dzanja limodzi. Anabzala zonse kumapeto kwa Januwale, osasiyako ngakhale imodzi.

Khobwe anamera, anayanga, anabereka. Koma anachedwa. Maluwa a m'misewu aja anafika mpaka kuyamba kufota, iye akadali ndi zitheba zaziwisi. Ndiye chifuwa cha aMbewe, chija anatuluka nacho mumgodi, chinasankha nthawi yomweyo kuwagwetsa. Asananyamulidwe kupita kuchipatala anandiitanitsa.

"ANaphiri, mundimvetse bwino. Lamulungu likubwerali mukazule khobwe yense, ndi mizu yomwe. Mudzamupachike m'chipinda muno, mizu m'mwamba. Adzaumira momwemo."

"Wamuwisi, bambo?"

"Wamuwisi. Musadikire."

"Ndamva."

Kumva ndinamvadi, ndipo Lamulungu ndinapita. Koma inu, munthu wobadwira m'munda, kuzula khobwe wobiriwira, zitheba zili lendelende, dzuwa likuwala bwino lomwe! Kwathu khobwe timamusiya mpaka makoko alire okha mphepo ikawomba. Wozula mbewu yaiwisi kwathu amamuyesa wamisala. Chisanu cha kuno ndinali nditachionapo, koma mu Juni, ndipo apa Meyi anali atangoyamba kumene. Ndinatsegula chitheba chimodzi, njere zili zofewa pang'ono, mtundu utangoyamba kubwera. Ndinati mumtima, nkhalamba ija yayankhula ndi matenda. Ndimupatse khobweyu sabata imodzi yokha akhwime, adzandithokoza. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja.

Lachinayi m'mawa ndikupita ku sitima ndinapeza udzu wa m'mbali mwa njanji uli mbuu, ngati wina wawazapo ufa. Ndinathamanga, ine amene sindinathamangepo chibadwire mdzukulu wanga woyamba. Masamba anali chiimire, olimba gwa, ndipo ndinadzinamiza kuti palibe chachitika. Pochokera kuntchito ndinapeza zonse zili bii, zitagona pansi ngati zathiridwa madzi otentha. Ndinazula ndithu, n'kukapachika monga anandiuzira, koma patapita masiku njere zinakwinyika n'kuchita nkhungu.

Kuchipatala ndinapita Lamulungu lotsatira. Ndinayamba ndi za kutchalitchi, za amene wadwala, za amene wabereka. Iwo anandidula.

"Chisanu chinagwa Lachinayi. Ndinachiona pa zenera. Munali mutazula?"

Ndinagwada pa simenti pomwepo. "Bambo, ndinadikira."

Ndinkayembekeza aikona. Akanandilalatira bwenzi mtima wanga utapepuka. Koma anangonena ndi Chichewa chofatsa, "Dzukani, aNaphiri, pansipo pakuzizira. Munachita monga anakuphunzitsirani mayi anu."

Anatuluka m'chipatala patapita masabata awiri, koma amene anatuluka sanali munthu uja. Kumunda sanapiteko. Mapesi anangoima osasonkhanitsa. Ankakhala pa kabenchi padzuwa, majombo ali pambali, chakudya n'kumagawira nkhuku za mwini nyumba. Mnzawo wa Chizulu uja anandikokera pambali, ati Madala uyu wayamba kulongedza, chitanipo kanthu. Ndikanachita chiyani ine? Ndinakagula khobwe kwa Amwenye ku Actonville, wowoneka ngati wofananako, n'kupita naye. Anamuyang'ana kamodzi, n'kuti zikomo, mukaphike.

Ndinakalira kwa aNachisale ku renki, n'kuwauza zonse. Mayi wolongolola uja tsiku limenelo anangoti zii, n'kumapukuta tomato amene anali atapukuta kale. Ndinachokapo nditakhumudwa, ndikuti munthu uyu chisoni alibe.

Loweruka anatulukira ku Wattville atavala chitenje chatsopano ngati akupita ku ukwati. Ine ndinali pomwepo, ndikusesa pakhomo pa aMbewe.

"Odi kuno! Ati kuli maliro, ndiye ndati ndidzaone ngati mtembo ukuyankhula."

AMbewe sanaseke. "Fikani, aNachisale."

"Imwe, mpaka fikani? Mwadwaladi."

Anakhala pansi, n'kutulutsa chitini cha mkaka wa ana m'chikwama. Anachitsegula, anagwira dzanja la aMbewe, n'kukhuthuliramo. Njere zofiirira, za timadontho toyera, zinadzaza dzanja n'kumagwera pansi.

AMbewe anaziyandikitsa kumaso. Anatenga imodzi n'kuiluma.

"Mwamutenga kuti?"

"Ku Vosloorus, kuseri kwa chimbudzi changa. Matalala anu aja kwathu sanafikeko. Ndinakolola mu Malichi."

"Ndikuti mbewu munaitenga kuti?"

"Kwa imwe, nanga kwa ndani? Chaka chija munkapuntha makoko pa chiguduli, ine n'kumakuthandizani kusesa. Mumati ndinkasesa chifukwa chokukondani?"

Kenako chilapalapa chinabwera, chonse, ngati mvula yoyamba. Aikona, sikelemu, tsotsi, mbava ya ku Chipata! Munthu amene masiku onsewo ankalephera kufika pa geti anaimirira tsonga, chala chikuloza, dzanja linalo litafumbata khobwe pachifuwa. ANachisale ankangovomera ndi mutu ngati akumva nyimbo ya kwaya. AMbewe atatopa anakhala pansi, misozi ili chuchuchu, n'kufunsa ngati m'chitinimo munathiridwa phulusa.

"Ndinathira mchere," anatero aNachisale.

AMbewe anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, ine n'kuthamangira madzi.

Powaperekeza ku tekisi ndinawafunsa aNachisale chifukwa chimene anandisiyira ndikulira ku renki kuja. Anati ankachita mantha. Kuba sikuvuta, ati, ntchito ili pa kubweza.

Mawa lake aMbewe anavala majombo n'kukasonkhanitsa mapesi. Novembala atafika anabzala. Ndipo pokolola anachita chimene sitinkachiyembekeza. Anatolera mabokosi a machesi opanda kanthu, n'kudzazamo khobwe, n'kumagawa. Sanagawe mokoma ayi, aliyense ankalandira bokosi ndi chitonzo chake. Ine anandiuza kuti popeza kudikira ndimakutha, ndidikire mvula yachiwiri ndisanabzale. Koma lamulo linali limodzi, lakuti awiri asabzale malo amodzi. Wina ku Vosloorus, wina ku Reiger Park, wina ku Daveyton, wina kuseri kwa nyumba ya abwana ake ku Benoni. Ankati matalala ali ndi mwendo umodzi, sangaponde ponseponse. Ankatinso zaka zonse zija iwo ankayesa akusunga mbewu, chikhalirecho anaitsekera m'ndende. Amayi a Chisutu analandira nawo, ndipo mnzawo wa Chizulu anatumiza lake kwawo ku Natal.

Bokosi lomaliza anapatsa bambo wina wa mumpingo mwathu amene ankapita kumudzi pa basi, wa ku Ntchisi konko. Tinati alembetse kalata, iwo anakana. Ati ndilembere ndani, ndipo ndikanene kuti ndinali kuti? Anangotchula dzina la mudzi ndi la mayi awo, n'kuti mukapatse mayi aliyense amene mukamupeze ndi khasu m'manja. Bamboyo anabwerako patatha miyezi. Abale enieni sanawapeze, koma mayi wina wokalamba anakumbuka dzinalo, n'kulandira bokosi ndi manja awiri. Ulendo wake wachiwiri anabwera ndi liwu limodzi lokha, lakuti wamera. AMbewe sanafunse zambiri. Anangoti, "Ndiye wafika," n'kupempha madzi akumwa.

Anamwalira chaka chatha, atamaliza kufutsa ndi kupachika khobwe wawo. Chifuwa chomwe chija. Pamaliro panadza anthu ambiri kuposa mmene tinkaganizira, ena sitinkawadziwa n'komwe, ndipo ndiwo za tsikulo zinachokera mu mfutso wawo womwe. ANachisale ndi amene anaphika. Analira kuposa tonsefe, uku akuwakalipira kuti achoka mkangano usanathe.

Lolemba lapitali ndinadzera njira ya kunjanji. Chaka chino sipanalimidwe. Aliyense wa ife ali ndi kamzere kake kumene akukhala, ndipo palibe amene analimba mtima kulowetsa khasu pamalo pa aMbewe. Mizere yayamba kufafanizika, chisoso chatenga malo, ndipo chakumapeto anthu ena akhoma kale zikhomo, ati amangapo mikhukhu, tinyumba ta malata. Sindikuwada, nawonso akufuna pogona. Pakati pa udzu ndinapeza khobwe mmodzi womera yekha, wa njere imene inagwa pokolola, atakwera waya wa mpanda, zitheba zake zikadali zaziwisi. Kumwamba kunalibe mtambo, mphepo ikuluma m'makutu. Ndinaika chikwama pansi, n'kumuzula ndi mizu yomwe, n'kumukoleka paphewa.

Nditafika pa ngodya ndinacheuka. Panalibenso cholimidwa chimene chinatsala, mizere yokha yokutha ndi zikhomo za eni ake atsopano. Chisanu chikabwera mawa kapena mkuja, chidzapeza palibe choti chitenge.